Mitolo Ifanana, Moto Usiyana: Za Kusankha Nkhuni

Mayi wina agula mtolo wa nkhuni pamsika tsiku Lolemba, naphikira banja lake kufikira Lachinayi. Mnzake woyandikana naye nyumba agula mtolo wofanana kukula, ndi ndalama zomwezo, koma pofika Lachiwiri madzulo watsala ndi phulusa lokhalokha, nyemba zili pamoto zisanapse. Onse awiri amaphikira pa mafuwa atatu, ndipo pakhomo pawo pali anthu ofanana kuchuluka. Nanga kusiyana kumeneku kwachokera kuti? Omvera ambiri ayankha msanga kuti kwachokera ku mtundu wa mtengo umene nkhunizo zinatemedwako, ndipo sanalakwe. Komabe yankho limeneli ndi mbali imodzi chabe ya nkhani yonse.

Funso ili si laling'ono m'dziko la Malawi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo anaonetsa kuti mwa mabanja 100 alionse, mabanja 77 ankaphikira nkhuni, 18 ankaphikira makala, pamene ophikira magetsi anali awiri okha. Popeza makala nawonso amachokera ku mitengo, nkoyenera kunena kuti pafupifupi nsima yonse imene inadyedwa m'dziko muno chaka chimenecho inapsa ndi moto wa mtengo. Chotero kudziwa nkhuni ndi nzeru yokhudza thumba la bambo, msana wa mayi wosenza mtolo, chifuwa cha mwana wokhala pafupi ndi moto, ndiponso phiri limene mudzi umamwako madzi.

Chimene Chimapatsa Nkhuni Mphamvu

Akatswiri oyesa kutentha kwa zinthu anapeza mfundo imene imadabwitsa anthu ambiri. Kilogalamu imodzi ya nkhuni zouma bwino imapereka kutentha kofanana ndithu, kaya nkhunizo ndi za tsanya, za bulugamu kapena za malaina. Kusiyana kumene kulipo nkwakung'ono kwambiri. Chimene chimasiyanitsa mitengo ndi kulemera kwake. Mtengo wina uli ndi thupi lothinana, kotero kuti kachipika kakang'ono kamalemera ngati mwala. Wina uli ndi thupi la timibowo tambirimbiri todzala ndi mpweya, kotero kuti chipika chachikulu chimanyamulika ndi dzanja limodzi. Chipika chouma cha tsanya chimalemera kuposa kawiri chipika cha malaina chofanana nacho kukula, ndipo chikaponyedwa m'madzi chimamira. Motero moto umene uli m'chipika cha tsanya ndi woposanso kawiri.

Apa ndi pamene wogula amapusitsika. Nkhuni sizigulitsidwa pasikelo ayi. Zimagulitsidwa pa mtolo, pa mulu, pa njinga, pa ngolo kapena pa mendulo, ndiye kuti poyang'ana ukulu wake ndi maso. Koma maso saona kulemera. Wogula wanzeru amayamba wanyamula mtolo asanatulutse ndalama.

Mfundo yachiwiri ndiyo madzi, ndipo imaposa yoyamba ija. Mtengo ukangodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake limakhala madzi. Nkhuni yotere ikaikidwa pamoto, moto umayamba ntchito yophwetsa madziwo usanayambe ntchito yotenthetsa mphika. Nchifukwa chake nkhuni yaiwisi imalira ngati njoka, imatuluka thovu kumapeto, ndi kufuka utsi woyera wolowa m'maso. Kilogalamu ya nkhuni zaziwisi imapereka pafupifupi theka la kutentha kwa kilogalamu ya nkhuni zouma. Tsono wonyamula mtolo pamsika uja achenjere, pakuti kulemera kulipo kuwiri: kulemera kwa mtengo wolimba, ndi kulemera kwa madzi. Malaina ouma bwino aposa muwanga wauwisi.

Nkhuni youma imadziwika mosavuta. Kumapeto kwake kumakhala ming'alu, khungwa limasupuka lokha, ndipo ziwiri zikagundanitsidwa zimalira momveka kuti ngwe, pamene zaziwisi zimangoti phu. Njira youmitsira ndiyo kuwaza zipika zikadali zaziwisi, kuzisanja pamwamba pa miyala kapena pa mitanda kuti zisakhudze dothi, kusiya mipata yopita mphepo, ndi kuzifolera pamwamba nyengo ya mvula ikayandikira. Banja limene limakonza nkhuni zake m'miyezi ya Juni ndi Julayi silivutika ndi utsi mu Januwale.

Mitengo Yolemera ya M'tchire

Pakati pa mitengo yonse ya nkhuni, omvera a m'chigwa cha Shire, a ku Balaka ndi a ku Machinga adzatchula tsanya poyamba. Mtengo umenewu umakonda malo otentha a dothi lamakande, ndipo masamba ake ali ngati mapiko a gulugufe. Nkhuni zake zimavuta kutema, zimabunthitsa nkhwangwa, ndiponso sizigwira moto msanga. Koma zikagwira zimanyeka pang'onopang'ono, ndi moto waukali wopanda utsi wambiri, ndipo zimasiya makala ofiira amene amafika m'mawa.

Kumtunda, m'maboma monga Kasungu, Dowa, Mchinji ndi Mzimba, ulemu womwewo umapita kwa muwanga. Mtima wa muwanga ndi wolimba kotero kuti chiswe chimaulephera, ndipo nchifukwa chake makolo ankausankha pofuna nsanamira za nyumba ndi za nkhokwe. Chikuni cha muwanga ndicho chinkasunga moto usiku wonse m'masiku amene machesi anali osowa, pamene mayi wozimitsa moto wake ankayenera kulawirira kukapala moto kwa mnzake. Bwemba ndi masau nazonso zili ndi thupi lolemera lopereka makala abwino, ngakhale kuti za mitengo yazipatso zinenedwa patsogolo.

Nkhalango zambiri za dziko lino ndi za miombo, momwe muli mombo, mchenga ndi tsamba. Nkhuni za mitengo imeneyi nzolemera bwino, zimayaka mofatsa, ndipo zimasiya makala okwanira kuotchera chimanga kapena mbatata nsima itaphulidwa. Vuto lake ndi lakuti zikasungidwa nthawi yaitali zimafumbwa, ndipo nkhuni yofumbwa yataya kale gawo la mphamvu yake, pakuti ufa umene umagwa pansi uja ndiwo unali moto. Naphini ndi chinama ndi mitengo inanso ya m'tchire imene amayi otola nkhuni saidutsa akaipeza itauma.

Mitengo Yobzala

Bulugamu anachokera ku Australia, ndipo lero wafika m'boma lililonse. Mitundu yake ilipo yambiri. Ina ili ndi mtima wofiira wolemera kufupi ndi miombo, ina njopepukirapo. Bulugamu wouma amagwira moto mosavuta ndipo amatentha kwambiri, nchifukwa chake minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje imabzala nkhalango zake zoumitsira tiyi, ndipo alimi a fodya wootcha m'mabani amamudaliranso. Ubwino wake waukulu ndi wakuti m'zaka zisanu kufikira zisanu ndi zitatu amakhala atafika podulidwa, ndipo chitsa chake chimaphukiranso. Ayenera kuwazidwa akadali wamuwisi, chifukwa akauma amalimba nakana nkhwangwa. Koma mtengo uwu umamwa madzi ambiri ndipo mbewu sizikondwa pafupi nawo, kotero sayenera kubzalidwa m'mbali mwa chitsime, m'dimba kapena pakati pa munda.

Keshya, makamaka uja amatchedwa keshya wa milimo, ndi bwenzi la pakhomo. Amakula msanga, ziweto sizimukonda kwenikweni, ndipo akadulidwa amatulutsa mphukira zambiri zimene zimadulidwanso patapita zaka zochepa. Nkhuni za keshya wokhwima nzolemera bwino ndipo zimasiya makala. Mthethe, umene umamera wokha m'mbali mwa madambo, umakulanso msanga ndi kupereka moto wabwino, ndiponso umaonjezera chonde m'nthaka. Chovuta chake ndi minga yokha. Kumadera otentha monga Nsanje ndi Chikwawa, nimu amapirira dzuwa kumene mitengo ina imalephera, ndipo nthambi zake zosadzidwa chaka ndi chaka zimathandiza kukhitchini mthunzi uli chikhalire.

Mitengo Yopepuka

Omvera a ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa amadziwa bwino paini. Pa mapiri a Viphya panabzalidwa mahekitala oposa 50,000 a mitengo imeneyi ndi cholinga chopangira mapepala, ngakhale kuti fakitale yake sinamangidwe, ndipo mbali yaikulu ya nkhalangoyo inadzatha ndi macheka ndi moto wolusa. Paini ali ndi utomoni umene umagwira moto ngati mafuta, kotero palibe nkhuni yomuposa pokolezera. Koma amalilima kanthawi kochepa, amathetheka ndi kuponya timakala timene tingatenthe mphasa kapena denga la udzu, amadetsa miphika ndi mwaye, ndipo sasiya makala okhalitsa.

Malaina anachokera ku maiko a ku Asia, ndipo anabzalidwa kwambiri m'mbali mwa misewu, pa sukulu ndi m'midzi chifukwa cha kukula kwake kwamsanga. Thabwa lake ndi labwino kwa mmisiri, koma nkhuni yake imachedwa kuuma, ndipo ikauma imapepuka ndi kunyeka mofulumira, nkusiya phulusa. Mkuyu ndi kachere zili m'gulu lomweli. Kunsi kwenikweni kwa mndandanda kuli mlambe, umene thupi lake lili ngati chinkhupule chodzala ndi madzi. Mwina nchifukwa chake milambe yaima zaka mazanamazana pakati pa midzi imene mitengo ina yonse inatha.

Kumene nkhuni zasowa, monga m'midzi yothinana ya ku Chiradzulu, Thyolo ndi Phalombe, amayi amaphikira mapesi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Mapesi amatha ngati udzu ndipo amafuna munthu wokhala pomwepo kusonkhezera. Kuwatentha ndi kulandanso munda chakudya chake, pakuti akadaolera m'nthaka. Mitengo ya nandolo ndiyo yabwino pa zonsezi, chifukwa mlimi amakolola ndiwo ndi nkhuni m'munda umodzi chaka chilichonse. Nsungwi zouma nazonso zimayaka bwino, koma ziyenera kung'alulidwa, chifukwa mfundo zake zotsekeka zimaphulika pamoto.

Nkhuni Iliyonse ndi Ntchito Yake

Poona zonsezi, munthu angaganize kuti nkhuni yolemera ndiyo yoyenera nthawi zonse. Sizili choncho. Madzi a tiyi, phala la mwana wopita kusukulu ndi ndiwo zamasamba zimafuna malawi amsanga, ndipo kusonkha chikuni cha muwanga pa ntchito yotere nkuononga, pakuti mphika umaphulidwa chikunicho chisanayambe nkomwe kupereka mphamvu yake. Apa ndi pamalo pa tinthambi touma, nandolo, paini ndi malaina. Nsima imafuna moto wa pakatikati umene sugwa mphwayi pa nthawi yothyakula, ndipo bulugamu, keshya ndi mthethe zimakwanira bwino. Nyemba, nyama yolimba, thobwa ndi mowa wamasese zimakhala pamoto maola ambiri, ndipo zimenezi ndizo zoyenera nkhuni zolemera. Chimodzimodzinso moto wa pasiwa, umene anthu amaotha usiku wonse.

Asodzi a ku Mangochi, Nkhotakota ndi kunyanja ya Chilwa amadziwanso kuti nsomba imatenga fungo la nkhuni imene yawambira. Mlamba kapena kampango wowambidwa ndi paini amamveka utomoni ndipo amada, pamene nkhuni zolimba zopanda utomoni zimapereka nsomba yofiirira bwino imene imakopa wogula.

Mayi wodziwa kuphika amasakaniza. Amakoleza ndi zopepuka, nasonkha zapakatikati, ndipo chikuni cholemera amachiika chimodzi chokha kuti chigwire moto. Akamaliza kuphika amafumula zikuni zotsala ndi kuzizimitsa m'dothi kuti zidzagwirenso ntchito mawa.

Nkhuni Zosayenera Kusonkhedwa

Akuluakulu anati chikuni cha utsi koma kufumula. Mwambiwu umanena za anthu, koma ndi woona ngakhale pa mafuwa penipeni. Utsi wa nkhuni ukapumidwa tsiku ndi tsiku m'khitchini yopanda mawindo umadzetsa chibayo kwa ana, chifuwa chosatha ndi matenda a mtima kwa akulu, ndiponso umaononga maso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limawerengera kuti utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pachaka pa dziko lapansi. Makala oyaka m'chipinda chotseka, monga ena amachitira m'nyengo yozizira, amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo.

Mitengo ina njoopsa mwa iyo yokha. Nkhadze ili ndi utomoni woyera umene umatentha khungu ndipo ungachititse khungu m'maso. Siyenera kufika pamoto wophikira. Mwavi ndi mtengo wa poizoni. Zidutswa za mapolo a magetsi, mitengo ya mpanda yonyikidwa m'mankhwala oletsa chiswe, ndi matabwa opaka penti zimatulutsa utsi wa poizoni, ndipo phulusa lake nalonso ndi loipa. Chizolowezi chokolezera moto ndi mapepala a pulasitiki kapena zidutswa za matayala chiyenera kulekeka pa chifukwa chomwecho.

Palinso mitengo imene imayaka bwino koma kuitentha nkutaya chuma. Msuku, muula, bwemba, masau ndi mango zimadyetsa ana chaka ndi chaka, ndipo zipatso zake zimagulitsidwa pamsika. Wodula mtengo wotere wagulitsa chakudya cha zaka makumi ambiri ndi moto wa sabata imodzi. Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo ya matabwa a mtengo wapatali, ndipo phingo ndi wa amisiri osema ziboliboli. Msangu umagwetsa masamba ake m'nyengo ya mvula nkuthira manyowa m'munda, ndipo chimanga chimakondwa pansi pake, monga alimi a ku Salima ndi a m'chigwa cha Bwanje akudziwira. Makolo analinso ndi malamulo awo: mitengo ya kumanda siinkatemedwa, ndipo m'madera ena msolo, umene pansi pake ankathirirapo nsembe, sunkasonkhedwa pamoto. M'midzi yambiri lero, nkhalango yachilengedwe imene yatsala ndi ya kumanda yokha.

Malipiro Osaoneka Pamsika

Pali muyeso wina umene wogula sauona ponyamula mtolo, ndiwo zaka. Kawirikawiri mtengo wolemera ndi womwenso umachedwa kukula. Tsanya ndi muwanga zimatenga zaka makumi angapo kuti zifike pa msinkhu wa chipika, pamene bulugamu ndi keshya zimafika m'zaka zosakwana khumi. Mtengo wa tsanya umene unamera agogo ali anyamata ungathe kunyeka m'uvuni ya njerwa usiku umodzi.

Mitengo yolemerayi ndiyo imene ootcha makala amaifunafuna, popeza imatulutsa makala olimba okondedwa m'tauni. Koma uvuni ya dothi imataya zambiri: pa makilogalamu 100 a nkhuni, makala otuluka kawirikawiri safika makilogalamu 25, ndipo nthawi zina amachepera kutali. Aliyense woyenda pa msewu wa Zalewa kupita ku Mwanza, kapena woona njinga zochokera ku Dzalanyama zikulowa mu Lilongwe m'bandakucha, waona kumene mitengo imeneyi ikupita. Phiri likavulidwa, madzi a mvula amathamanga ndi dothi, mitsinje imauma msanga, ndipo matope amakafika mu Shire, momwe muli makina opangira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Lamulo la nkhalango la m'chaka cha 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuotcha makala popanda chiphaso, ndiponso kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo.

Nanga banja lichite chiyani, popeza kudya liyenera kudya? Choyamba, mitengo ya m'tchire itoledwe youma, kapena isadzidwe nthambi m'malo mogwetsedwa. Ikadulidwa, chitsa chisatenthedwe, pakuti miombo imaphukiranso kuchokera ku chitsa ndi ku mizu, ndipo mphukira zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu ilipo kale. Mlimi asiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, ndi kuziteteza ku mbuzi ndi ku moto wa m'chilimwe. Midzi imene yasunga nkhalango zake motere, pansi pa ulamuliro wa nyakwawa ndi komiti ya m'mudzi, yaona tchire likubwerera popanda kubzala mtengo ndi umodzi womwe.

Chachiwiri, nkhuni za tsiku ndi tsiku zichokere ku mitengo yobzala pakhomo ndi m'malire a munda. Tsiku lobzala mitengo linakhazikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 1976, ndipo pambuyo pake linasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Mbande zobzalidwa kumayambiriro kwa nyengoyi ndizo zimagwira bwino, chifukwa zimalandira mvula yokwanira chilimwe chisanafike. Alangizi a zankhalango a m'boma lililonse amathandiza kusankha mitundu yoyenera dera.

Chachitatu, moto weniweniwo usamalidwe. Pa mafuwa atatu, kutentha kumene kumafika mumphika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kupitirirapo pang'ono. Kotsalako kumapita ndi mphepo. Mbaula zadothi monga ya Chitetezo, zimene magulu a amayi amaumba m'maboma ambiri, zimatchinga mphepo ndi kulunjikitsa moto kumphika, kotero kuti nkhuni zimapulumuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mbaula yotere imayaka bwino ndi tinthambi ting'onoting'ono, tomwe keshya ndi nandolo zimapereka. Kuvundikira mphika, ndi kuviika nyemba m'madzi usiku zisanaphikidwe, kumafupikitsanso nthawi ya pamoto.

Tsono amayi awiri aja a pamsika sanasiyane mwayi. Woyamba ananyamula mtolo nauyesa m'manja, anayang'ana ming'alu ya kumapeto, anagundanitsa nkhuni ziwiri namva kulira kwake, ndipo pofika kunyumba anadziwa yoyenera phala ndi yoyenera nyemba. Wachiwiri anayang'ana ukulu wokha. Luso la woyambayo lingaphunziridwe ndi aliyense, ndipo ndi loyenera kuphunzitsidwa kwa ana, aamuna ndi aakazi omwe. Koma mwana wophunzira maina a tsanya, muwanga ndi mombo ayeneranso kuipeza mitengoyo ili chiimire akadzakula, ndipo zimenezi zidalira mbande zimene makolo ake abzale mvula ya chaka chino ikagwa.